Mafunso ndi mayankho: kusankha tip-up yowedzera northern pike pa nyanja youndana

Ikangofika Disembala mafunso amayamba kundipeza, makamaka ochokera kwa abale amene angofika kumene kuno ku Minnesota ndi ku Wisconsin ndipo anzawo akuntchito awauza kuti Loweruka tiyeni ku ayezi. Munthu amalowa mu shopu ya zowedzera nkupeza khoma lonse ladzaza ma tip-up, amatabwa, apulasitiki, ozungulira ngati mbale, ena a magetsi, nde mutu umangozungulira. Ndasonkhanitsa apa mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndipo ndiyankha mmene ndimachitira ine ndikamasaka pike.

Tip-up ndi chani kwenikweni?

Ndi msampha wa mbedza basi. Mumaboola dzenje pa ayezi nkuika kachipangizoka pamwamba pake. Kagudumu kokulungapo chingwe kamalowa pansi m'madzi, nyambo ili lende mmusi, ndipo pamwamba pamakhala mbendera yomangidwa pa sipuling'i imene mumaipinda nkuikoletsa pa kachitsulo. Nsomba ikagwira nyambo nkuyamba kuthawa nayo kagudumu kaja kamazungulira, kachitsulo ka pamwamba kamazungulira nako, mbendera imamasuka nkudzuka njo. Amene waona amakuwa kuti "flag!" ndipo aliyense amatembenuka kuyang'ana ngati ili yake. Palibe ndodo apa, nsombayo mumakoka ndi manja mmene amakokera asodzi a chingwe ali m'bwato.

Kagudumu amakaika m'madzi dala. Kunja kukhoza kufika -25 koma madzi a pansi pa ayezi saundana, nde chingwe chimakhala chofewa tsiku lonse.

Bwanji mumalimbikira kuti pike imafuna tip-up yosankha bwino, si nsomba ngati zinazo?

Pike, imene anthu akuno amangoitchula kuti northern, ndi nsomba yaitali ya kamwa lodzaza mano, amene anakulira ku nyanja ya Malawi angaganize za mcheni koma yokula kwambiri. Ya rekodi kuno ku Minnesota inagwidwa mu 1929 ku Basswood Lake ndipo inali mapaundi 45 ndi ma ounce 12, kutanthauza makilo opitirira 20. Imabisala m'mphepete mwa udzu wa m'madzi nkumadikira, ikaona kansomba imakagwira chopingasa, kuthawa nako kaye, kuima, kenako nkukatembenuza kuti ikameze kuyambira kumutu. Pa kuthawa kuja ndi pamene tip-up yanu imayesedwa. Pike ikangomva kuti chinachake chikukoka kumbuyo, kaya kagudumu kalimba ndi kuzizira kaya kakugwedera nkumakola, imalavula nyambo nkupita, inu mukufika mupeza mbendera ili m'mwamba koma chingwe chili chete ndipo nyambo ili ndi zipsera za mano.

Zinandionekerapo mu Januwale wina, kunali kozizira moti ntchofu zimauma m'mphuno. Ndinali ndi tip-up ina yotchipa imene ndinagula mu seti, mbendera inadzuka, ndikufika ndinaona kachitsulo kakuzungulira movutikira, kuima, kuzungulira pang'ono, kuima. Girisi wa mkati anali atagwirana ngati phala la dzulo. Ndinakoka chingwe nkupeza sucker wanga, kansomba kamene ndinaika ngati nyambo, wang'ambidwa mbali zonse, nsomba palibe. Kuyambira tsiku limenelo chinthu choyamba chimene ndimayang'ana pa tip-up ndi kazunguliridwe ka kagudumu, mtundu wa penti ndi zokongoletsa zina zimabwera pambuyo.

Mitundu yake ndi iti, ndipo ndi uti wabwino?

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndalama zimatayikira.

Woyamba ndi wa thabwa lalitali logona pamwamba pa dzenje. Wodziwika kwambiri ndi Beaver Dam, dzina lake ndi la tauni ya ku Wisconsin kumene unayambira. Uli ndi kapaipi kachitsulo kodzaza girisi wosaundana ndipo mkati mwake mumadutsa kachitsulo kolumikiza kagudumu ndi pamwamba. Ndi wolemera nde mphepo siukankha, umazungulira mosalala, ndipo pali anthu akuno amene akugwiritsabe ntchito ma Beaver Dam amene anawasiyira agogo awo. Mtengo wake ndi wokwera, mwina kawiri kapena katatu kuposa wapulasitiki, koma mumagula kamodzi. Vuto lake ndi loti dzenje limakhala pamtunda, nde kukazizira kwambiri mumayenera kumayendera nkumaswa kaayezi kopyapyala kamene kamabwera pamwamba, kapena mugule chivindikiro cha thovu chija amaika pansi pake.

Wachiwiri ndi wofanana nawo koma wapulasitiki, monga Polar wa kampani ya HT Enterprises. Ndi wopepuka, wotchipa, ndipo umagwira ntchito ndithu, anthu ambiri amayambira pamenepa. Pogula pulasitiki aliyense muzimukhotetsa pang'ono ndi manja kuti mumve, chifukwa pulasitiki wopyapyala amathyoka akazizidwa ukamamuzula pa ayezi amene wamugwira.

Wachitatu ndi wozungulira ngati mbale, wokhala ndi thovu loteteza kuzizira mkati, monga Frabill Pro Thermal. Umatseka dzenje lonse mpaka la mainchesi 10, nde silikuundana msanga, sinowo wouluka ndi mphepo salowamo, komanso kuwala sikulowa m'madzi zomwe zimathandiza mukamawedza pa madzi osaya pamene nsomba imakhala yochenjera. Amalowa bwinobwino mu baketi ya magaloni 5 mongosanjikiza. Tsiku lozizira koopsa awa ndi amene ndimatenga. Koma ndi aafupi, sinowo akagwa wambiri amakwiririka ndipo mbendera yake siioneka patali, komanso munthu wa snowmobile, njinga yamoto ya pa sinowo, akhoza kuwaponda osawaona. Ngati musankha awa pezani a mbendera yotalikitsa.

Wachinayi ndi wa timitengo topingasa ndi mtengo wina woima, wotchuka ku Maine ndi madera a kum'mawa kuja kumene amautchula kuti trap, monga Heritage ndi Jack Traps. Mbendera yake imakwera m'mwamba kwambiri, nde kumene kuli sinowo wofika m'mawondo palibe wouposa.

Ndiye pali wa mphepo, monga Windlass wa HT, uli ndi kachitsulo kophwatalala kamene mphepo imakankha nkumavinitsa nyambo m'madzi. Pa nyambo yakufa umachita zodabwitsa masiku ena. Koma kagudumu kake kali kunja kwa madzi nde chingwe chimaundana kukazizira, ndi wa masiku ofunda pang'ono basi, musauyese woyamba kugula.

Ine maganizo anga ndi awa: ngati mumawedza malo ozizira kwambiri komanso amphepo tengani wozungulira, ngati mukufuna chinthu chokhalitsa ndipo simudandaula kumayendera maenje tengani wathabwa. Onse awiri amagwira pike.

Ndili mu shopu, ndiyese bwanji kuti ndidziwe kuti ili bwino?

Tambasulani tip-up ija ndipo muzunguze kagudumu ndi chala chimodzi. Kazizungulira mosavuta, mopanda phokoso la kukhukhuza, komanso kasamagwedere uku ndi uku. Yang'anani m'mphepete mwa kagudumu ngati mulibe mpata umene chingwe chingalowe nkukolamo, chifukwa chikakola pamenepo pike ili pa liwiro chimaduka kapena tip-up yonse imakokeredwa pakamwa pa dzenje. Kenako onani kachitsulo ka pamwamba ngati kali ndi malo awiri okoletsapo mbendera, ena osalala omasuka msanga ndi ena a kamphako ofuna mphamvu. Kokani mbendera muisiye, izidzuka ndi mphamvu osati mwaulesi.

Mukafika kunyumba ikani mu firiza usiku wonse, m'mawa muzunguzenso. Ngati yalimba mu firiza ya m'khitchini ndiye kuti pa nyanja mu Januwale idzakukhumudwitsani, bwezani kapena sinthani girisi.

Kagudumu kakhale kakakulu bwanji?

Kwa pike sankhani kakakulu. Ma tip-up ambiri amalemba pa paketi kuchuluka kwa chingwe chimene amanyamula, ena mafiti 200 ena 500. Wa 200 amakwana pa nyanja zazing'ono ngati muli pafupi, koma pike yaikulu imatha kumasula chingwe chambiri inu mukadali kuvala magolovesi, nde wa 500 amapatsa mtima pansi. Kagudumu kakakulu kamazunguliranso mopepuka pa mita iliyonse ya chingwe yotuluka, makamaka mukakadzaza mpaka pafupi ndi m'mphepete. Musakadzaze mosefukira, ndipo pokulunga kokani chingwe cholimba, chikakhala cholobodoka chimadzilowerera chokha nkukola.

Chingwe chanji, ndipo waya ndi wofunikadi?

Pa kagudumu ikani chingwe cholukidwa chokhuthala cha Dacron kapena nayiloni, cha mphamvu ya mapaundi 30 mpaka 50. Chakuda ndi bwino chifukwa mukamakoka nsomba mumachiunjika pa sinowo ndipo chimaoneka, simuchiponda. Chilipo china chokutidwa ndi pulasitiki chimene sichimwa madzi nde sichiuma gwa mukachitulutsa, chabwino pa kuzizira ngakhale chimadya malo pa kagudumu. Musaikepo twaini woonekera mkati uja wa pa ndodo, amapotana komanso saoneka pa ayezi, ndipo chingwe chopyapyala cholimba chija amati braid chimacheka zala ngati lumo nsomba ikathamanga mwadzidzidzi, manja ozizidwa simumva nkomwe mpaka muone magazi.

Kumapeto mangani swivel, kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana, kenako lida, kachidutswa kolimba kolumikiza chingwe ndi mbedza. Mano a pike amadula twaini wamba kamodzi kokha. Ena amaika waya wachitsulo wopyapyala, ena twaini wa fluorocarbon wokhuthala wa mapaundi 40 kupita m'mwamba ati poti saoneka m'madzi oyera. Ine ndimaika waya nthawi zambiri, pike si nsomba yamanyazi kwambiri ndipo sindifuna kuti ipite ndi mbedza kukamwa chifukwa chingwe chaduka. Mukasankha fluorocarbon muzimusisita ndi zala pambuyo pa nsomba iliyonse, akakhala ndi zokhakhala dulani mumangenso.

Quick-strike ndi chani?

Ndi lida wokhala ndi mbedza ziwiri za mano atatu, ina mumakoletsa pamsana pa nyambo ina pafupi ndi mutu. Ubwino wake ndi woti simudikira kuti nsomba imeze. Kale anthu ankaika mbedza imodzi nkumadikira nthawi yaitali mbendera itadzuka kuti pike imeze kaye, mapeto ake mbedza imakakola m'mimba ndipo nsomba imeneyo ngakhale muibweze m'madzi nthawi zambiri imafa. Ndi quick-strike mumakoka msanga ndipo imakola pakamwa. Kuno ku Minnesota lamulo limalola mbedza zosapitirira zitatu pa chingwe chimodzi ndipo limaikanso malire a kutalika kuchokera pa yoyamba kufika pa yomaliza. Madera ena ali ndi malamulo awo nde werengani kabuku ka chaka chimenecho, amakapereka ulere kumene mumagula layisensi.

Nyambo imakhudza bwanji kasankhidwe ka tip-up?

Imakhudza kwambiri. Sucker wamoyo wamkulu ali ndi mphamvu zoti akhoza kudzutsa mbendera yekha, nde mumathamangira pachabe tsiku lonse. Apa ndi pamene malo awiri okoletsera aja amathandiza, kwa sucker wamkulu koletsani pa kamphako kolimba, kwa kansomba kakang'ono monga shiner kapena nyambo yakufa monga nsomba za smelt ndi cisco koletsani posalala. Ena amadula pang'ono chipsepse cha kumchira kuti sucker afooke. Mphepo nayo imadzutsa mbendera zabodza, nde ikani tip-up moti mphepo izikankhira mbendera mkati mwa kachitsulo osati kuichotsa.

Anthu atsopano amadabwa kuti pike imadya nsomba yakufa, koma zikuluzikulu zambiri zimagwidwa choncho, makamaka kumapeto kwa nyengo. Ku Lake of the Woods kumalire ndi Canada anthu amadikira Malichi, pamene ma pike akuluakulu amayandikira magombe osaya kukonzekera kuswana, nkumatchera nyambo zakufa zazikulu. Kungoti nyambo yakufa ili ndi malamulo okhwima chifukwa cha matenda a nsomba otchedwa VHS, gulani ku shopu ya nyambo yovomerezeka ndipo musataye paketi yake ya chizindikiro. Osatenga nsomba ya mu supamaketi nkukaponya m'nyanja musanafunse.

Nyambo muike theka la mita kapena mita imodzi pamwamba pa udzu kapena pamwamba pa nthaka ya pansi pa nyanja, chifukwa maso a pike amayang'ana chakumwamba. Dutsitsani batani la malaya pa chingwe kuti likhale chizindikiro, mukagwira nsomba mumangobwezera pa batani paja osayezanso kuya.

Ndigule angati?

Funsani lamulo kaye musanafunse thumba. Ku Minnesota pa ayezi munthu mmodzi amaloledwa zingwe 2 ndipo usatalikire tip-up yako kupitirira mafiti 200. Ku Wisconsin ndi 3, ku Maine nyanja zambiri ndi 5. Ku Michigan amafuna kuti pa tip-up palembedwe dzina ndi adiresi ya mwini wake. Dziwaninso kuti ndodo imene muli nayo m'manja imawerengedwa, nde kuno mukatchera ma tip-up awiri ndodo ikhale pambali. Ine ndimanyamula imodzi yapadera yokonzeka kale kuti ina ikasokonekera chingwe ndisamalimbane nayo ndi manja ouma.

Dzenje likhale lalikulu bwanji?

Mainchesi 8 amakwana nsomba zambiri, 10 ndi abwino ngati mukusaka zikuluzikulu chifukwa kulowetsa mutu wa pike yaitali pa dzenje ndi pamene ambiri amaitayira. Onetsetsani kuti tip-up yanu ndi yaitali kapena yotambalala kuposa dzenjelo. Dzenje la mainchesi 10 mwana phazi lake limalowa, muzisamala ngati mwabwera ndi ana.

Mbendera yadzuka, nditani?

Yendani mwachangu koma mukamayandikira pondani mofatsa, phokoso la nsapato limamveka pansi makamaka pa madzi osaya. Gwadani muyang'ane kachitsulo ka pamwamba. Ngati kakuzungulira ngati pulopela ndiye kuti ili paulendo. Vulani magolovesi okhuthala, swani kaayezi ka pamwamba mofatsa, nyamulani tip-up ndi dzanja limodzi uku lina likumasula chingwe kuti nsomba isamve kanthu, nkuiika pambali. Gwirani chingwe pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kulemera kwamoyo kumapeto, ndiye kokani kamodzi motsimikiza, osati mwankhanza ngati mukudula nzimbe. Ikafuna kuthawa ilekeni chingwe chidutse m'zala, musachikulunge padzanja. Pafupi ndi dzenje imathawanso kawiri katatu ikaona kuwala, dikirani, mpaka mutu wobiriwira wa madontho achikasu uja ulunjike m'mwamba, madzi amayamba kukwera ndi kutsika mu dzenje isanatulukire.

Khalani ndi pulayala yaitali ndi chotsegulira kamwa m'thumba la jekete, osati mu galimoto. Zala musalowetse m'kamwa mwake.

Nanga za magetsi ndi zolira pa foni, ndi zofunika?

Timagetsi toyaka mbendera ikadzuka ndi tothandiza madzulo, ndipo zilipo zotumiza uthenga pa foni kudzera pa Bluetooth ngati mwakhala mu kanyumba kowedzeramo ka pa ayezi. Koma pike imadya kwambiri masana nde kwa oyamba sizofunika. Ndalamayo gulirani ma lida abwino ndi tizitsulo ta pansi pa nsapato toletsa kuterereka. Zipangizo zokoka mbedza zokha monga JawJacker ndi nkhani ina, malamulo ake amasiyana dera ndi dera nde werengani kaye.

Ayezi akhale wokhuthala bwanji kuti ndiyendepo?

Ili si funso la tip-up koma sindingalidumphe. A DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, amati poyenda pansi pamafunika mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10, a ayezi watsopano woonekera mkati. Ayezi woyera wosakanikirana ndi sinowo mphamvu yake ndi theka nde muwirikize kawiri. Malo amene pike imakonda, pamene mtsinje ukulowa m'nyanja komanso pa udzu, ndi amenenso ayezi amakhala wopyapyala. Yesani ndi chitsulo chogogodera pamene mukuyenda, valani m'khosi tizitsulo tosongoka todzikokera pa ayezi mukagwera m'madzi, ndipo ulendo woyamba pitani ndi munthu woidziwa nyanjayo. Abale, ife sitinakulire pa zimenezi ndipo maso athu sanazolowere kuwerenga ayezi, musachite manyazi kufunsa ku shopu ya nyambo ya pafupi ndi nyanjayo.

Nditenge iti kunyumba, ndibweze iti?

Kuyambira 2018 Minnesota inagawa malamulo a pike m'zigawo zitatu. Chigawo cha pakati chakumpoto kuli tating'ono tambiri, nde mumaloledwa 10, koma za mainchesi 22 mpaka 26 mumabweza ndipo zopitirira 26 musatenge zoposa ziwiri. Kummwera ndi ziwiri zosachepera mainchesi 24. Kumpoto chakum'mawa ndi ziwiri, za mainchesi 30 mpaka 40 mumabweza. Nyanja zina zili ndi malamulo apadera. Zikuluzikulu zija pafupifupi zonse ndi zazikazi ndipo zimatenga zaka zambiri kuti zifike pamenepo, nde ine ndimabweza. Pobweza chitani changu, pa mphepo yozizira maso ake ndi zopumira zofiira zija zimaundana m'kanthawi kochepa, musaigoneke pa sinowo kuti mujambule zithunzi khumi. Tating'onoting'ono ndi tokoma kwambiri kukazinga, bola muphunzire kuchotsa minga ya mphanda ija ili m'mbali mwa msana.

Nyengo ikatha ndisunge bwanji?

Nyanja zambiri za mkati mwa Minnesota nyengo ya pike imatseka Lamlungu lomaliza la Febuluwale. Mukafika kunyumba masulani chingwe chonse chiume, onani ngati chaperepeseka, nkukulunganso cholimba. Chotsani ma lida muwakulunge pa kachidutswa ka thovu kuti mbedza zisachite dzimbiri komanso zisabaye munthu wopisa mu baketi. Ngati kagudumu kayamba kulemera, tulutsani kachitsulo ka mkati ngati mtundu wanu umalola, pukutani girisi wakale nkuika watsopano wolembedwa kuti ndi wa malo ozizira, girisi wa galimoto musayese chifukwa amagwirana. Musasiye ma tip-up pamalo otentha ngati pafupi ndi hita kapena m'galimoto nthawi ya Julaye, girisi amasungunuka nkutuluka ndipo madzi amadzalowa m'malo mwake. Mbendera isiyeni yomasuka kuti sipuling'i isatope, ndipo wathabwa mupakeni vanishi pang'ono pamene penti wasupuka.